Anthu a m'njira

Pali masewera ena amene safuna mpira, bwalo kapena magetsi. Amafuna mphasa kapena tebulo, mapepala, pensulo, madado a manambala ndi anthu anayi kapena asanu odziwa kumvetsera. Mmodzi amafotokoza dziko: apa pali mudzi, uko kuli mtsinje, m'phiri umo mukugona cinjoka colavula moto. Enawo aliyense amatenga munthu mmodzi wa m'nkhaniyo, wina msilikali, wina sing'anga, wina wakuba wocenjera, ndipo amanena cimene munthu wakeyo akufuna kucita. Cikakhala cinthu covuta, monga kulumpha cigwembe kapena kunamiza mlonda wa pacipata, amaponya dado ndipo nambala ndiyo imaweruza. Masewera odziwika kwambiri a mtundu umenewu ndi Dungeons & Dragons, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. Pambuyo pake anthu anawasamutsira pa kompyuta ndi pa foni, koma mtima wake ndi womwewo.

Ine ndinawadziwira ku Beira ndili pa maphunziro a uphunzitsi, ndipo tsopano Loweruka masana ndimasewera ndi ana asanu ndi mmodzi a kusukulu kwathu kuno ku Angónia. Makolo ena ataona madado anaganiza kuti tikuchova juga, mpaka gogo wina anabwera kudzakhala nafe tsiku lina. Atamvetsera kwa kanthawi anati, "Kodi si nthano izi? Kungoti ana akulowerera pakamwa pa wofotokoza." Ananena zoona. Kusiyana kwake n'kwakuti pa nthano omvera amayankha kuti "tili tonse" n'kudikira, pamene apa omvera ndiwo amasankha kumene Kalulu apite.

Wofotokozayo, amene anzathu olankhula Cipwitikizi amamuchula kuti mestre, ali ndi nchito imodzi yaikulu imene anthu saiona msanga. Ana asanu ndi mmodzi aja ali ndi anthu asanu ndi mmodzi okha. Ena onse a m'dzikomo amayankhula kudzera pakamwa pa mestre: wogulitsa mcere, wopalasa bwato, mfumu, mlonda, mwana wotola nkhuni amene wasonyeza njira. Osewera a m'maiko onse amawachula ndi zilembo zitatu, NPC, kutanthauza munthu amene palibe wosewera wamutenga. Ife pamphasa pathu timangoti anthu a m'njira. Pa munthu mmodzi wa wosewera pali anthu a m'njira makumi ndi makumi, ndipo ndiwo amauza mwana kuti dziko limene walowamo n'lotani. Mwana amaphunzira dzikolo poona amene akusula makasu, amene akuweruza milandu, amene akutunga madzi ndi amene akuloledwa kuphedwa popanda wofunsa dzina lake.

Masiku oyamba tinkagwiritsa nchito kabuku ka nkhani yokonzedwa kale, kamene mnzanga wina anandikopera pa foni. Titasewera milungu itatu, mtsikana wina wa m'kalasi lacisanu ndi ciwiri anafunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi m'mudzi umenewu akazi anapita kuti?" Tinawerenga limodzi. Wosula zitsulo anali mwamuna, mfumu mwamuna, wansembe mwamuna, alonda onse amuna. Akazi analipo awiri: wina woperekera mowa, wina wobedwa ndi zigawenga amene ankadikira kupulumutsidwa. Zithunzi zonse zinali za azungu. Mtsikanayo mai ake amagulitsa kacewere pamsewu wa ku Calómuè ndipo amasunga okha ndalama za banja lonse. Kwa iye cinjoka colavula moto cinali comveka, koma msika wopanda akazi unali bodza loonekeratu.

Zimenezi zili ndi mbiri yake. Anthu amene anayambitsa masewerawa anali amuna aciyera a m'cigawo ca pakati ca America, okonda masewera a nkhondo ndi mabuku a nthano zomangidwa pa Ulaya wakale, ndipo analemba dziko limene maso ao anazolowera. Zina anazilemba ngati lamulo. M'buku la osewera la 1978, mphamvu za thupi za munthu wamkazi zinali ndi malire otsika kuposa za mwamuna, ngakhale dado litamukomera bwanji. Lamulo limenelo linacotsedwa m'mabuku a 1989. Koma cimene cimandikhudza kwambiri ine, mwana wa Acewa amene mbumba yake imawerengedwa kucikazi, ndi mtundu wochedwa drow. Awa ndi anthu a m'nthano a khungu lakuda, okhala m'mapanga pansi pa nthaka, olamulidwa ndi ansembe aakazi opembedza mulungu wamkazi wa akangaude. Kwa zaka zambiri mabuku ankati mtundu wonsewo ndi woipa. Wolemba wina, R. A. Salvatore, mu 1988 anapanga drow wabwino dzina lake Drizzt, ndipo anachuka kwambiri, koma ubwino wake unali wakuti anathawa kwao. Tangoganizani: mtundu wodziwika kwambiri m'masewerawa umene uli ndi khungu lakuda komanso wolamulidwa ndi akazi ndiwo unasankhidwa kukhala citsanzo ca nkhanza. Ife amene tinamva za Makewana wa ku Msinja, mai amene mafumu ankapita kwa iye kukapempha mvula, ndi za Nyangu amene Akalonga ankabadwa mwa iye, tikawerenga zimenezi timamva ngati wina watembenuza nyumba yathu cadodolido.

Palinso ma-orc, anthu aatali a mano otuluka amene nchito yao m'nkhani zambiri ndi kuukira midzi ndi kuphedwa. M'buku lina la 2016, wosewera akasankha kukhala orc ankacotseredwa mapointi awiri a nzeru asanayambe n'komwe. Ife kuno timaseka kuti Angoni ndi mowa ndi nyama, Ayao ndi malonda, ndipo Mngoni amabwezera cipongweco pomwepo, tonse n'kuseka. Koma cipongwe ca pamowa cimatha mowa ukatha. Cikalembedwa m'buku la malamulo, ndi nambala yake, mwana amaciwerenga ngati masamu. Mu June 2020 kampani ya Wizards of the Coast, imene ili ndi masewerawa tsopano, inalengeza poyera kuti isintha mmene imafotokozera ma-orc ndi ma-drow, ndipo inavomereza kuti anthu oyendayenda ochedwa Vistani, a m'nkhani ya Curse of Strahd, anajambulidwa ndi mabodza omwe aja amene azungu amanenera Aromani a ku Ulaya. Mapointi awiri aja anacotsedwa. Mu 2022 kampaniyo inatulutsa Journeys through the Radiant Citadel, nkhani 13 zolembedwa ndi anthu akuda ndi a mitundu ina yosakhala yaciyera. Caka comweco inapepesanso cifukwa ca buku lina limene linali ndi anthu onga anyani ofotokozedwa ngati akapolo akale. Cizolowezi sicicoka ndi cikalata cimodzi.

Pa masewera a pa kompyuta mkangano wake unali waukulu kuposa. The Witcher 3, imene inatuluka mu 2015 kucokera ku Poland, ili ndi mizinda yodzaza anthu, madoko, misika, asilikali, opemphapempha, ndipo anthu anaona kuti onsewo ndi azungu. Oiteteza anati nkhaniyo inamangidwa pa miyambo ya Asilavo, ndipo Apolishi nawonso ali ndi ufulu wofotokoza dziko lao mmene akulionera. Mfundo imeneyi sindiitaya. Mtundu umene mbiri yake inafafanizidwapo ndi anansi ake amphamvu uli ndi cifukwa cofuna kudziona wokha pagalasi, ndipo ife tikanapanga masewera a ku Mano kwa Undi sitikanafuna wina wa kunja atiwerengere azungu angati tiikemo. Koma yankho lina limene limabwera kawirikawiri, lakuti "kalelo ku Ulaya kunalibe anthu akuda", ndi lofooka. Naoki Yoshida, mkulu wa Final Fantasy XVI, ananena zofanana ndi zimenezo mu 2022, kuti dziko la masewera ake linamangidwa pa Ulaya wakale ndipo ndi lodzipatula. Coyamba, m'dziko limene muli zinjoka ndi afiti oponya mphezi, n'zodabwitsa kuti coonadi ca mbiri cimakumbukiridwa pokhapokha tikafika pa khungu. Caciwiri, mbiriyo siinena conco. M'chalichi cacikulu ca ku Magdeburg ku Germany muli cifanizo ca mwala ca Maurice Woyera, cosemedwa ca m'ma 1240, ndipo ndi msilikali wa nkhope ya Mwafirika wovala malaya a citsulo. Pa cithunzi ca cikondwerero ca mfumu Henry VIII ca 1511 pali woimba lipenga wakuda, John Blanke, amene ankalandira malipiro ku nyumba ya mfumu. Anali ocepa, inde, koma analipo, makamaka m'madoko ndi m'mizinda ya malonda, malo omwewo amene masewera amakonda kutipititsa.

Wina wa anthu oterewa ayenera kutikhudza ife a ku Moçambique. Mu 1579 wansembe wa Cijezuiti Alessandro Valignano anafika ku Japan ali ndi mnyamata wakuda womutumikira. Mu 1581 mtsogoleri wamphamvu Oda Nobunaga anamuona, anamutenga kukhala wa m'nyumba mwake, ndipo anadziwika ndi dzina lakuti Yasuke. Anali naye mpaka Nobunaga atafa mu 1582. Wolemba mbiri wina wa Ajezuiti wa zaka za m'ma 1600 analemba kuti mnyamatayo anali wa ku Moçambique. Mu masewera a Nioh a 2017, odzaza mizimu ndi ziwanda za ku Japan, Yasuke alimo ngati mmodzi wa anthu a m'njira, ndipo wosewera amamenyana naye. Nditauza ana anga za munthu ameneyu anakhala cete, kenako mnyamata wina anafunsa ngati ankadya nsima kumeneko. Funso labwino kwambiri. Ndi funso limene umafunsa ukakhulupirira kuti munthuyo analidi munthu.

Ndikaganiza za dziko losakanikirana sindifunika kupita kutali. Cigwa ca Zambezi ca zaka mazana atatu zapitazo cikanakhala m'buku la masewera, ena akanati olemba awonjeza. Kunali maprazo, minda ikuluikulu imene lamulo la Apwitikizi linkafuna kuti idzilowa kwa mwana wamkazi, ndipo kunatuluka madona, akazi a magazi osakanikirana a ku Africa, ku Goa ndi ku Portugal, olamulira malo aakulu ndi magulu a Acikunda onyamula mfuti. Kunali amalonda Aciyao ndi Acibisa onyamula minyanga, Amwenye ogulitsa nsalu ndi mikanda. Sindikuyamikira nthawi imeneyo, pakuti inali nthawi ya ukapolo ndipo madona ambiri cuma cao cinali anthu. Ndikungonena kuti mkazi wolamulira asilikali ndi msika wa zilankhulo zisanu si zinthu zimene anthu a masiku ano apeka kuti akondweretse wina. Kenako Angoni anaoloka Zambezi mu 1835, ndipo a Maseko anadzakhazikika ku Domwe, n'kukwatira ana a Acewa ndi Antumba mpaka cilankhulo cao cinatsala m'nyimbo za ngoma. Malire a 1891 anadula pakati pa mabanja. Lero pitani pa Lizulu tsiku la msika, pamene mseu ndiwo malire: mumva Cicewa, Cinyungwe, Ciyao ndi Cipwitikizi, muona kwacha ndi metikali m'thumba limodzi, ndipo ogwira ndalamazo ambiri ndi amai.

Makolo athu anadziwa kale kuika mlendo m'sewero. Za kudambwe sindizilowa, ndinena zokhazo zimene aliyense amaona pabwalo. Mu gule wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005 m'dzina la Moçambique, Malawi ndi Zambia, muli zilombo za alendo: Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, Maria, ngakhale galimoto. Aliyense amene anafika m'dziko lino n'kulisintha anapatsidwa malo pabwalo, ndi dzina, ndi nyimbo, ndi kavinidwe kake. N'zoona kuti gule amawaseka, ndipo wina akhoza kunena kuti nayenso amajambula mtundu wonse ndi nkhope imodzi monga anacitira olemba aja ndi a Vistani. Ine ndimaona kusiyana. Amene ankaseka Simoni anali anthu okhomeredwa msonkho ndi kugwidwa cibalo, akuseka wowakhomera. Olemba za Vistani ankaseka anthu amene akhala akuthamangitsidwa m'mizinda ya ku Ulaya kwa zaka mazana. Kuseka wokukhalira pamsana ndi kuseka amene wamukhalira pamsana si cinthu cimodzi.

Cina cimene cimandicititsa kuti nkhani ya anthu a m'njira ndisaione ngati ya ana okha ndi ici. Ambiri a inu amene mukuwerenga kabuku kano munakhalako tsidya lija pa nthawi ya nkhondo, pamene anthu athu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, mpaka mtendere wa 1992 utasainidwa ku Roma. Mukudziwa mmene zimakhalira kukhala munthu wa m'njira m'nkhani ya wina. Amene anali nyakwawa, amene anali mzamba, amene anali wosoka nsapato, onse anasanduka dzina limodzi pa mzere wa ufa ndi nandolo. Abale a kumeneko anatilandira, ambiri anali a pfuko lathu lomwe, koma pa pepala tinali gulu lopanda nkhope. Mai anga mpaka lero akamakamba za nthawi imeneyo samayamba ndi njala. Amayamba ndi mai wina wa ku Dedza amene anawafunsa dzina la mudzi wao ndi la agogo ao, n'kupeza kuti onse ndi a Phiri.

N'cifukwa cake sindikhutira ndi kungopaka utoto. Makampani ena atamva madandaulo anangotenga alonda khumi a pacipata, atatu n'kuwadetsa khungu, awiri n'kuwapanga akazi, koma onse khumi akunena mau omwewo ndipo palibe amene ali ndi kwao. Zimenezo n'zabwinoko kuposa kale, koma ndi nchito ya theka. Munthu wa m'njira amakhala munthu akakhala ndi kumene anacokera ndi cimene akufuna cimene sicikukhudza wosewera. Mu 2021 kampani ya Paizo inatulutsa buku la Mwangi Expanse, dera la masewera a Pathfinder lofanana ndi Africa, ndipo kusintha kwakukulu kunali kwa maso: kale deralo linkafotokozedwa monga nkhalango imene alendo amapita kukafuna cuma, tsopano linafotokozedwa monga kwao kwa anthu okhalamo, ndi mizinda yao ndi sukulu yao yakale ya zamatsenga. Ku Cameroon, a Kiro'o Games anapanga Aurion mu 2016, mmene mfumu, mkazi wake, adani ndi ogulitsa pamsika onse ndi Aafirika, ndipo palibe amene akufunika kufotokoza cifukwa cake ali pamenepo.

Pamphasa pathu ndimacita zinthu zazing'ono. Ana akalowa m'nyumba ya wosula kapena akaima pamaso pa woweruza, ndimaponya dado mwakabisira: nambala yogawika pawiri ndi mkazi, yosagawika ndi mwamuna. Ndimatero cifukwa mutu wa munthu aliyense uli ndi njira zake zopondedwa kale, ndipo dado lilibe. Kenako ndimafunsa funso limodzi: munthu ameneyu anafika bwanji pano? Dado likanena kuti wosula ndi mkazi, pamene kwathu kuno ng'anjo inali ya amuna, ndiye kuti pali nkhani. Mwina bambo ake analibe mwana wamwamuna. Mwina mudzi umamunena. Ana amayamba kufunsa, ndipo masana onse akhoza kuthera pamenepo cinjoka cili ciyembekezere m'phiri. Ndimasunganso kope limene ndimalembamo anthu amene ndawaona pa chapa ndi pamsika, osati maina ao, koma kayankhulidwe ndi nchito: gogo wosintha ndalama amene samalakwitsa ngakhale khobidi, mnyamata wokonza njinga amene amayankha Cinyungwe ukamufunsa m'Cinyanja.

Si ana onse amagwirizana nazo. Tsiku limene mkulu wa asilikali a mfumu anapezeka kuti ndi mkazi, mnyamata wina anakana kumumvera, nati mkazi sangatsogolere nkhondo. Sindinayankhe ine. Mnzake wamkazi anamufunsa kuti pa 7 April timapuma cifukwa ca ndani, ndipo ngati Josina Machel ndi akazi a Destacamento Feminino ankanyamula miphika yokha. Mnyamatayo anati zimenezo ndi za m'buku la sukulu, izi ndi masewera. Anakangana mpaka ndinawauza kuti aponye dado, ndipo munthu wa mnyamatayo anatsekeredwa usiku umodzi cifukwa conyoza mkulu wa asilikali. Sanasinthe maganizo tsiku limenelo, ndipo sindinamukakamize. Koma Loweruka lotsatira anabwera, ndipo polankhula ndi mkulu uja anayamba ndi "zikomo amai".

Munthu wa m'njira amene ana amamukonda kwambiri sindinamukonze n'komwe. Anafika pamtsinje wosefukira, ndipo panafunika woolotsa. Dado linati mkazi. Ndinamupatsa ukalamba, bwato la mtengo umodzi, ndi kalankhulidwe ka munthu amene anabwera kucokera kunyanja ali mtsikana ndipo sanaphunzire bwino cilankhulo ca pamenepo. Anawalipiritsa mcere m'malo mwa ndalama, ndipo ali pakati pa madzi anawapempha kuti akafika kumzinda akafunse za mwana wake amene anapita kukagwira nchito zaka zisanu zapitazo osalemba kalata. Ndinangonena kuti nthawi ipite. Papita miyezi inai tsopano. Ana aja anapha cinjoka, anapeza golide, anagula akavalo, koma mumzinda uliwonse umene alowa, asanafunse za malo ogona, mmodzi wa iwo amafunsa alonda ngati anaonapo mnyamata wa cipsera pacibwano, wolankhula ngati wa kunyanja. Mayeso akayandikira timaimitsa masewera, conco ndili ndi milungu itatu yoti ndiganize kumene mnyamatayo ali, ndi cifukwa cake sanalembe.